Za Bwana Wobwerera Kusukulu Imvi Zitamera

Mwa makhalidwe a anthu a m'tauni amene akusowa kafukufuku wozama, lovuta kwambiri kulimvetsa ndi la bambo wa zaka zopitirira 45 amene ntchito yamuthera mosayembekezera. Kutha kwa ntchito kotere kumatchedwa kuchepetsa antchito, ndipo kumachitika pamene kampani kapena bungwe lazindikira kuti lingathe kupitiriza kuluza ndalama popanda thandizo la munthuyo. Anthu ambiri adalowa m'gulu limeneli pamene antchito masauzande a ADMARC adachotsedwa nthawi imodzi, ndipo amene adasunga ndalama zawo zopumira kuti ayambe aganiza bwino adaziona zikufota mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti.

Miyezi yoyamba bamboyu amadzukabe m'mamawa, kumanga tayi, kunyamula chikwama cha laputopu ndi kukwera minibasi ku Area 25, ngakhale kuti kumene akupita sikudziwika ngakhale kwa iye mwini. Anthu oyandikana naye nyumba, amene nkhani yonse adaimva kale kumpopi, amamufunsabe madzulo kuti, "Mwaweruka, bwana?" ndipo iye amavomera, pakuti ulemu wa m'tauni umafuna kuti mbali zonse ziwiri zisunge bodza limodzi. Pa nthawi yonseyi nyumba imayendetsedwa ndi geni ya mayi pamodzi ndi banki m'khonde, kumene kuli kusonkherana ndi kubwereketsana ndalama kwa amayi, ntchito imene bamboyu kale ankaitcha miseche.

Za nkhuku zanyama zimene bamboyu amayamba wayesa kuweta sizifunika kutalikitsa: zimakhwima pa masabata 6, ndipo zimatengedwa pangongole ndi achibale amene mwezi wawo sutha.

Chofunika kuchiunika mofatsa ndi kusankha sukulu. Dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndiponso makoleji monga Soche, Nasawa ndi Namitete, kumene munthu amaphunzira kuwotcherera zitsulo, kupala matabwa, kumanga nyumba ndi kulumikiza mapaipi. Vuto la maphunzirowa silili pa ndalama zimene amabweretsa, koma pa ovolosi, chovala chimene munthu amene adakhalapo ndi kiyi wa ofesi amachiopa ngati mwana aopera jakisoni. Choncho bamboyu amasankha dipuloma ya kumapeto kwa sabata ya kayendetsedwe ka mapulojekiti, limene ndi luso lolemba papepala mmene anthu ena ayenera kugwirira ntchito.

M'kalasi anzake amamutcha "ankolo", ndipo amamusankha kukhala wowayankhulira pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti mphunzitsi, amene ndi msinkhu wa mwana wake woyamba, sangakanize munthu wa imvi tsiku lina loperekera ntchito. Mphunzitsiyo amamulandira ndi manja awiri, kumutcha "bambo" ndi kumulepheretsa mayeso mwaulemu waukulu. Popeza ntchito ya kusukulu imatumizidwa pa intaneti, mwana wake wamkazi wa Fomu 3 ndiye amaitayipa, ndipo pali umboni wakuti amaikonzanso, chifukwa malikisi amakwera pa holide ndi kutsika sukulu zikatsegulidwa. Fizi ya bambo ndi mwanayu imafunika m'mwezi umodzi womwewo, ndipo apa m'pamene banja limadziwana ndi katapila, ngongole imene chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa maphunziro amene ikulipirira.

Akamaliza pamakhala mkanjo, zithunzi ndi mbuzi, kenako pamabwera kuwerenga manyuzipepala, mmene olemba ntchito amaoneka kuti akufuna wachinyamata amene adayamba ntchito asanabadwe. Pamenepo bamboyu amasanduka konsotanti, ndiye kuti mlangizi wopanda ofesi amene ali ndi makhadi osindikizidwa dzina lake ndi zilembo zambiri kumapeto.

Phindu lenileni la dipulomayi limaonekera pamaliro. Amene kale anali mesenjala wake, yemwe adachotsedwa tsiku lomwelo napita kukaphunzira kuwotcherera, tsopano amapanga mageti ndi mawindo ku Kawale, ndipo dandaulo lake ndi kuthimathima kwa magetsi basi. Iyeyu ndiye amapereka lole yonyamula anthu kupita kumanda, koma amaimirira kumbuyo kwa tenti, ndipo woyendetsa mwambo amamuthokoza mwachidule monga "mnyamata wa mageti uja". Bwana amalozeredwa mpando wakutsogolo pafupi ndi amfumu, chipepeso chake cha K5,000 chimawerengedwa pamodzi ndi maudindo ake onse, akale ndi atsopano, ndipo anthu amagwedeza mitu, kupatula mnyamata wa mageti, amene amalemba m'kabuku kake kuti ngongole ya abwana yakwera ndi K5,000.