Safunsa Anadya Phula, Nagula Pisitoni

Makolo athu, amene njinga yamoto sanaiwone ngakhale m'maloto, anatisiyira mawu akuti safunsa anadya phula. Ndipo tikawona abale athu akuthamangira kusitolo chifukwa Yamaha DT125 yawo yayamba kugogoda ndi kupuma mwaŵefuŵefu pokwera chitunda, timazindikira kuti phula lija silinathe, langosanduka chitsulo chonyezimira chogona m'kabokosi.

Kufunsa amafunsa ndithu, tisawanamizire. Koma amafunsa wogulitsa, munthu amene chibadwire sanakanepo ndalama, nasiya silinda, amene ndiye mwini mlandu. Pakuti silinda wa DT125 amabadwa ndi bowo la mamilimita 56, ndipo akadya fumbi la m'misewu yakumudzi zaka zambiri, bowolo limakula, kotero kuti pisitoni wa muyezo woyamba amangogwedera m'menemo ngati mwana wovala nsapato za atate ake. Mmisiri wanzeru amayamba wayeza, nakulitsa bowo pamakina, pamenepo ndi pamene amagula pisitoni wonenepako ndi 0.25 kapena 0.50. Tsoka kwa iye wochita zomwezo pa njinga ya YZ250, imene silinda wake anakutidwa m'kati ndi kansalu kolimba, kopyapyala, kamene kakapalidwa zonse zatha. Kumeneko mapisitoni amasiyana ndi 0.01 yokha, nalembedwa A, B, C, ndipo diso la munthu, ngakhale la mlamu wanu wodziŵa zonse uja, silingawasiyanitse.

Palinso mitundu iŵiri ya mapisitoni. Wina amathiridwa m'chikombole, wofatsa, wosafufuma kwambiri akatentha. Wina ngwosula, monga amene anatchukitsa a Wiseco a ku Ohio, wolimba zedi, wokondedwa ndi anyamata a mpikisano. Koma walira mvula walira matope, pakuti ameneyu akamva moto amafufuma msanga kuposa silinda, ndipo mwini njinga akaliza injini m'maŵa kuli chisanu, nakoka moto nthaŵi yomweyo kuti atsikana a pachitsime acheuke, pisitoni amakakamira, gudumu limaima, ndipo atsikanawo amacheukadi.

Wogula bwino naye asadzitame msanga. Silinda wa injini ya two-stroke, monga ya njinga zimenezi, ali ndi mazenera m'khoma mwake, oloŵera mafuta ndi otulukira utsi. Nchifukwa chake m'ngalande ya ringi pa pisitoni muli kamsomali kakang'ono koletsa ringiyo kuzungulira, kuti nsonga zake zisakole pazenera ndi kuthyoka. Pamutu pa pisitoni pali kamuvi. Pa njinga zimenezi kamuviko kamaloza ku ekizozi, ndipo ambiri amakawona koyamba tsiku lomasula injini kachiŵiri, chikwama chitaphwa kale.

Inu achimwene a njinga, musanatulutse khobidi, nyamulani silinda wanu, mupite naye kwa mmisiri amene ali ndi choyezera, ndipo timawaya tiŵiri totsekera pini ya pisitoni mugule tatsopano.