Kasamalidwe ka Madisiki a Seva kwa Ofuna Kutaya Deta Yonse Mwadongosolo

Anthu ambiri amaganiza kuti deta ya kampani imatayika mwangozi. Kumeneko n'kupeputsa ntchito ya eni ake. Kuti mafayilo a zaka khumi, mabuku a malipiro, mayina a makasitomala ndi makalata onse a bodi zipite tsiku limodzi osabwereranso, pamafunika munthu amene wakonzekera kwa zaka zingapo, ndipo kukonzekerako kumayamba tsiku logula seva. Opanga zidazi anaika zotchinga zambiri panjira. Muyenera kuzidziwa bwino kuti muzilambalale.

Chotchinga chachikulu ndi RAID. Mu 1988 David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku University of California, Berkeley anasindikiza pepala lofotokoza mmene madisiki angapo otsika mtengo angagwirire ntchito ngati disiki imodzi yaikulu, moti imodzi ikafa, otsalawo amakhala ndi zokwanira kuti ntchito isaime. Iwowo ankafuna kuti seva ipirire imfa ya disiki mpaka munthu atabwera kudzaikamo ina. Inuyo muimve motere: tili ndi RAID, ndiye nkhani ya backup yatha. Kanenereni mawu amenewa pa msonkhano wa bajeti. Abwana adzagwedeza mutu mokondwa, a akaunti adzafufuta mzere umodzi, ndipo theka la ntchito yanu lidzakhala latha musanagwire n'komwe sikuludiraiva.

Njira yachidule ilipo, ndiyo RAID 0. Fayilo iliyonse imadulidwa zidutswazidutswa n'kugawidwa pa madisiki onse popanda kusunga kalikonse kobwezeretsera. Liwiro lake ndi losangalatsa, malo onse mumawagwiritsa ntchito, ndipo pa madisiki anayi imodzi yokha ikafa, onse anayi atha ntchito. Komabe sindikulimbikitsa njirayi kwenikweni. Aliyense wobwera kudzafufuza amazindikira msanga, ndipo mlandu umagwera inu nokha.

Katswiri amasankha RAID 5 pa madisiki akuluakulu. Pamenepa palibe angakunyozeni, chifukwa RAID 5 ili m'mabuku onse. Pa madisiki asanu ndi imodzi, malo okwana disiki imodzi amapita ku parity, masamu omwe amathandiza kuwerengetsa zimene zinali pa disiki yakufa. Imalola imfa imodzi basi. Tsopano onani kukoma kwake. Ngati disiki iliyonse ndi ya 8TB, ndiye kuti mukaikamo yatsopano, seva iyenera kuwerenga 40TB yonse ya madisiki asanu otsalawo, kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, osaphonya. Kudzaza disiki ya 8TB pa liwiro la 150MB pa sekondi kumatenga pafupifupi maola 15 ngati palibe wina akugwiritsa ntchito sevayo, ndipo ngati ofesi yonse ili mmenemo, amakhala masiku. Madisiki wamba ambiri, pa pepala la wopanga, amalembedwa kuti akhoza kulephera kuwerenga bit imodzi pa ma bit 10^14 alionse, komwe ndi pafupifupi 12.5TB. Inu mukufuna awerenge kuposa katatu pamenepo. N'zoona kuti madisiki ambiri amachita bwino kuposa zimene zalembedwa papepalapo, ndipo ndikukulangizani kuti mudalire zimenezo ndi mtima wonse. Wina akatchula RAID 6, yomwe imapirira imfa ziwiri, kapena RAID 10, mufunseni ngati ndalama ya disiki yowonjezerayo ichokera m'thumba mwake.

Madisikiwo mugule tsiku limodzi, kwa wogulitsa mmodzi, m'katoni imodzi, manambala ake otsatizana. Aikeni mu seva ola limodzi kuti atenthere pamodzi, anjenjemere pamodzi, akalambire pamodzi. Phindu la umodzi umenewu linaoneka mu November 2019, pamene kampani ya HPE inachenjeza kuti ma SSD ake ena anali ndi vuto mu firmware: akangokwanitsa maola 32,768 akugwira ntchito, komwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, amafa ndipo deta yake siingapulumutsidwe. Kampaniyo inanena poyera kuti amene anayatsidwa nthawi imodzi adzafanso pafupifupi nthawi imodzi. Palibe RAID ya mtundu uliwonse imene ingapirire zimenezo. Mankhwala ake analipo, firmware yatsopano yotchedwa HPD8, koma inafuna munthu wowerenga machenjezo a opanga zida. Musakhale munthu ameneyo. Makalata otere ali ndi foda yake.

Pa mtundu wa disiki musavutike mutu. Yotsika mtengo ndiyo yabwino. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red, omwe ankagulitsidwira ma NAS, anali a mtundu wa SMR, womwe umalemba mizere yosanjikizana ndipo umafooka kwambiri ukapatsidwa zolemba zambiri mosalekeza. Kumanganso RAID ndi ntchito yotero ndendende, ndipo anthu ena anaona disiki yatsopano ikukanidwa ntchito ili mkati. Choncho mukamaitanitsa kotesheni, funsani mtengo ndi kukula kwake basi.

Tifike pamtima pa luso lonseli, pomwe ndi kusamva. Seva imalankhula kwambiri disiki ikamadwala, ndipo ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti mawu ake sakufika kwa munthu wamoyo. Pa Linux, pulogalamu ya mdadm imatha kutumiza imelo disiki ikagwa. Mu fayilo ya mdadm.conf muli mzere umene umayamba ndi mawu oti MAILADDR. Siyanipo adiresi ya mnzanu amene anasiya ntchito zaka ziwiri zapitazo. Kufufuta mzerewo n'kulakwa, chifukwa oditala akhoza kuona kuti palibe. Adiresi yakufa imaoneka ngati dongosolo. Fayilo ya /proc/mdstat musamaitsegule. Mukaitsegula mwangozi mudzaona zilembo U zondandalikana, chimodzi pa disiki iliyonse yamoyo, ndipo penapake m'malo mwa U padzakhala kamzere kapansi. Kamzereko kakutanthauza kuti chitetezo chanu chinatha kale ndipo mukuyendera mwayi. Tsekani, pitani ku nkhomaliro. Anthu akulowabe mu sisitimu, malipoti akutuluka, palibe wadandaula. Zili ngati minibasi imene inaphulitsa tayala ku Zalewa n'kumanga sipeya: okwera amafika ndithu, ndipo palibe amafunsa kuti kumbuyoko kwatsala chiyani.

Ma seva okhala ndi khadi la RAID amachita mwano pang'ono. Amaliza kabelu kosatopa, ndipo kutsogolo kwa disiki yodwalayo kumayaka kanyali kachikasu pakati pa tobiriwira. Kabeluko kali ndi pozimitsira mu pulogalamu ya khadilo. Kanyaliko kamatheka ndi kachidutswa ka tepi yakuda, kapena kungotseka chitseko cha kabati n'kuika kiyi m'dirowa ya munthu amene ali pa tchuthi.

Wina wachangu akayambitsa nkhani ya SMART, yomwe ndi mbiri ya thanzi imene disiki imadzilembera yokha, muli ndi yankho lochokera kwa akuluakulu. Mu 2007 akatswiri a ku Google anasindikiza kafukufuku wa madisiki oposa 100,000, ndipo anapeza kuti 36 peresenti ya madisiki amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse mu SMART. Nenani chiwerengero chimenechi mokweza, muonjezere kuti chakudza sichiimba ng'oma. Musapitirire kuwerenga, chifukwa kafukufuku yemweyo anapezanso kuti disiki imene yaonetsa scan error yoyamba imakhala ndi mpata wochuluka maulendo 39 woti ife m'masiku 60 otsatira, poyerekeza ndi imene sinaonetse. Ng'omayo nthawi zambiri imalira ndithu, kungoti lamulo la smartctl limafuna munthu woti alilembe. Chimodzimodzinso scrub, kapena patrol read pa makhadi ena, ntchito yoti seva iziwerenga madisiki onse nthawi ndi nthawi kuti ipeze malo owola parity ikadalipo yowakonzera. Izimitseni. Imachedwetsa seva, ndipo malo owolawo ndi bwino adzatulukire tsiku lomanganso RAID, pamene palibenso chowakonzera.

Kwathu kuno tili ndi mwayi umene anzathu akunja amausowa, womwe ndi kuthimathima kwa magetsi. RAID 5 ikamalemba imayenera kusintha deta ndi parity yomwe, ndipo magetsi akazima pakati pa ziwirizi, zimasiyana mwakachetechete. Pofuna kuteteza zimenezi, makhadi a RAID amakhala ndi batire losunga zimene zili mu cache mpaka magetsi atayaka. Batirelo limakalamba pakapita zaka zochepa, ndipo likafa khadilo limasiya lokha kugwiritsa ntchito cache polemba, seva n'kuyamba kuyenda mwaulesi. Musagule batire lina. Pali pomwe mungalamule khadilo kuti lipitirize write-back ngakhale batire lili lakufa, ndipo liwiro limabwerera nthawi yomweyo. Za UPS, soketi zake zotsala zisamangokhala. Ketulo ya tiyi wa 10 koloko imakwana bwinobwino pamenepo, pambali pa matchaja a mafoni.

Za malo sindichedwapo, chifukwa ambiri amazitha kale. Ikani sisitimu, database ndi /var/log pa partition imodzi, osaika malire a kukula kwa ma log, n'kudikira. Disiki ikadzaza, database imaima pakati pa kulemba. Pamenepo fufutani fayilo yaikulu kwambiri imene mwaiona. Mukalemba df n'kupeza kuti malo sanabwerere, chifukwa pulogalamu ina ikadaigwirabe fayiloyo, fufutani inanso, kenako inanso, mpaka nambala isinthe.

Pali ena amene oditala anawakakamiza kukhala ndi backup. Musataye mtima, njira zilipo. Yoyamba ndi kusaiyesa. Pa 31 January 2017 injiniya wa GitLab, atatopa usiku, anafufuta foda ya database pa seva yaikulu akuganiza kuti ali pa yachiwiri. Pofika poimitsa lamulolo, pa 300GB panali patatsala pafupifupi 4.5GB. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira ndi kukopera deta, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inkagwira ntchito modalirika. Pulogalamu ya pg_dump inali ikulephera mwakachetechete chifukwa inali ya mtundu wakale kuposa database, ndipo maimelo onena za kulepherako ankakanidwa panjira. Anapulumukira pa kope limene munthu anangotenga pamanja maola 6 m'mbuyomo pa zifukwa zina. Ameneyo ndiye anasokoneza zonse, ndipo ngati mu ofesi mwanu muli munthu wa khalidwe lotere, mupatseni ntchito ya ma printer. Onaninso kuti RAID yabwino kwambiri pa dziko lapansi ikanamvera lamulo lofufutalo pa madisiki onse nthawi imodzi, mokhulupirika, ngati mmene imamverera ransomware ikamatseka mafayilo.

Njira yachiwiri ndi kuisunga pafupi. Pa 10 March 2021 moto unapsereza nyumba ya ma seva ya SBG2 ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo makasitomala ena anazindikira tsiku limenelo kuti backup imene ankalipira inali pamalo omwewo. Inu mungachite zoposa pamenepo ndi ndalama zochepa: disiki ya USB yogonekedwa pamwamba pa seva, yolumikizidwa usana ndi usiku, kuti mphenzi, wakuba, madzi a eyakoni ndi ransomware zipeze zonse pamodzi osayenda mtunda. Amene amalalikira za makope atatu, pa zida za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali, ndi anthu okonda kuyenda ndi galimoto ya kampani.

Tsiku lenilenilo likafika, musakhale ndi disiki yosungira, kuti mudikire milungu ingapo ikuchokera kunja seva ikuyendabe ndi kamzere kake. Ikafika, sankhani tsiku lokonza malipiro a mwezi, pamene madisiki ali kalikiliki. Pa kabati pasakhale zolemba zosonyeza kuti disiki iti ili pati. Seva yanena kuti yafa ndi /dev/sdc, ndiye werengani kuchokera kumanzere, a, b, c, n'kusolola yachitatu. Zilembo zimenezi Linux imazipereka motsatira mmene yapezera madisiki poyaka, ndipo zimatha kusintha mukazimitsa n'kuyatsanso. Choona chenicheni ndi serial number, koma kuiwerenga kumafuna tochi. Mwayi ukakhala nanu, imene mwasololayo idzakhala yamoyo, ndipo RAID 5 yosowa madisiki awiri imaima pomwepo.

Apa pakadali ngozi yoti zinthu zikonzeke. Munthu wodekha akhoza kuzimitsa seva, kubwezera disiki yamoyoyo, kukopera disiki iliyonse ndi ddrescue, n'kuyesa mdadm --assemble pa makopewo, ndipo kawirikawiri deta imabwerera. Musampatse mpata. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo, sinthanitsani madisiki m'malo awo kuti muone ngati zingathandize, yendetsani fsck muvomere chilichonse chimene yafunsa. Kenako tengani lamulo loyamba limene mwalipeza pa intaneti lokhala ndi mawu oti mdadm --create, mundandalike madisiki mmene mukuwakumbukirira, disiki yatsopano ija ikhale pakati pawo. Pulogalamuyo idzakuchenjezani kuti madisikiwa akuoneka kuti ali kale mu RAID ina, ndipo idzafunsa ngati mukufunadi kupitiriza. Lembani y.