Ulemu Upite kwa Chichewa Chokhota

Pamsika wa Karonga pali wantchito amene amayamba tambala asanalire ndi kuweruka nkhuku zitalowa, koma sanalandirepo mendulo ngakhale imodzi pa 6 Julaye. Dzina lake ndi Chichewa chokhota. Ndi chimene mayi wa ku Kaporo amagulitsira mpunga wa Kilombero kwa wogula wochokera ku Lilongwe, ndi chimene dalaivala wa thiraki ya ku Dar es Salaam amafunsira njira akangowoloka pa Songwe. Mutu wake ndi wa Chichewa, nthiti ndi za Chitumbuka, mchira ndi wa Chiswahili, ndipo kutsogolo chimamera nyanga za Kyangonde, mwakuti ng'ombe imasanduka ing'ombe, mpunga n'kukhala umpunga. Aphunzitsi amachithira inki yofiira, owulutsa mawu amachiseka. Chikhalirecho ndi chilombo chomwechi chimene chakhala chikudyetsa akatswiri a zilankhulo kwa zaka zoposa 2,000, kuyambira ku India mpaka ku Geneva, iwo osanena n'komwe zikomo.

Amwenye akale ndiwo anayamba kuchipatsa dzina. Zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, Panini anamanga Chisansikiriti m'timalamulo pafupifupi 4,000, tolukana mwaluso kotero kuti akatswiri amakono akadali kukadabwa. Patapita zaka mazana angapo, Patanjali anafotokoza chifukwa chake munthu ayenera kuvutika n'kuloweza zonsezi: mawu olondola ndi ochepa, opotoka ndi ankhaninkhani. Chitsanzo chake chinali ng'ombe, ngati kuti anabadwira m'dambo la Ankhonde. Liwu loyenera ndi gauh, koma anthu wamba ankati gavi, goni, gota kapena gopotalika. Mawu otere ankatchedwa apabhramsha, kutanthauza ogwa, osiya njira. Tsono apa mpamene ulemerero wa mawu okhota unayambira. Pa liwu limodzi la ansembe panali anayi a abusa, ndipo ng'ombeyo inkakamidwa ndi abusawo. Patanjali mwini anavomera kuti wofuna mphika amapita kwa woumba mbiya, koma wofuna kulankhula sapita kwa katswiri wa galamala kukaitanitsa mawu. Amangotsegula pakamwa, monga achitira aliyense pa depoti ya Karonga.

Bhartrhari, wa m'zaka za m'ma 400, ndiye anakweza Chichewa chokhota pampando wachifumu mosadziwa. Iye ankaphunzitsa kuti tanthauzo silitoledwa liwu ndi liwu ngati nthanga za dzungu. Limaphulika lonse pakamodzi m'mutu mwa womva, ndipo kuphulikako ankakutcha sphota. Ngati zili choncho, mayi wa mpunga akati "mtengo ni uwu, bwana, kuchepeska yayi", wogula sayamba wafufuza kuti yayi ndi wa Chitumbuka, kapena kuti mneniyo wavala mchira wachilendo. Chiphaliwali chang'anima kale: pano mtengo sutsika. Bhartrhari anayesa kupulumutsa ulemu wa Chisansikiriti ponena kuti liwu lopotoka limamveka chifukwa limakumbutsa womva liwu lolondola, monga chibwibwi cha khanda chimvekera kwa amake. Koma anavomeranso kuti kwa anthu amene anakulira m'mawu opotokawo, opotokawo ndiwo amanyamula tanthauzo mwachindunji. Kumasulira kwake n'kwakuti wantchito wathuyu safuna kalata yomuvomereza kuchokera kwa bwana.

Azungu anabwera mochedwa, koma mwano wawo unali womwewo. Ferdinand de Saussure, amene ankaphunzitsanso Chisansikiriti ku Geneva, anali ndi maganizo osiyana ndi a anzeru a ku India a gulu la Mimamsa amene ankati ukwati wa liwu ndi tanthauzo lake ndi wamuyaya. Kwa iye palibe chimene chimamangiriza madzi ku liwu loti madzi, ndipo Karonga ikanamuchitira umboni m'mawa umodzi, pakuti nyanja yomweyo wina amati ili ndi madzi, wina maji, wina amisi, onse n'kusambamo bwinobwino. Komabe atafika posankha choti aphunzire, Saussure anatenga dongosolo losaoneka la chilankhulo, n'kusiya panja zolankhula za tsiku ndi tsiku. Chilango chake chinali chokoma: buku lake lotchuka la mu 1916 silinalembedwe ndi iye, koma linasonkhanitsidwa iye atamwalira kuchokera m'makope a ophunzira amene ankalemba zimene ankamva m'kalasi. Noam Chomsky naye mu 1965 anati katswiri aziphunzira wolankhula wangwiro, wosaiwala, wosaphonya lilime, wokhala pakati pa anthu olankhula mofanana ndendende. Munthu ameneyo mungamufunefune kuyambira pa Songwe mpaka ku Chilumba, nsapato n'kutha, osamupeza. Wansembe wa ku India ndi pulofesa wa ku America anamanga nyumba zosiyana, koma onse anasesera zinyalala kuseri, ndipo ndi padzala pomwepo pamene pamamera maungu onona.

Wina atsutsa kuti kukhota kumapha. Amwenye anali ndi nthano yake: Tvashtr anapereka nsembe kuti mwana wake akaphe Indra, koma anakweza mawu pamalo olakwika m'liwu limodzi, tanthauzo n'kutembenuka, mwanayo n'kuphedwa ndi Indra. Chenjezo limeneli si lachibwana, ndipo kuchipatala kapena kukhoti palibe amene angafune womasulira wongopeka. Koma tiyang'ane bwino kumene ngoziyo imabisala. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana ndi kakwezedwe ka mawu kokha, ndipo malamulo a kalembedwe ka Chichewa chovomerezeka salemba kusiyanako. Ndiye kuti pepala loyera la mayeso ndilo limachita tchimo la Tvashtr tsiku lililonse, pamene wamalonda wa lilime lokhota amaloza ndi chala, kubwereza, kufunsa ngati mwamva, mpaka ndalama itasintha manja. Patanjali yemwe anasimba za akuluakulu ena amene ankapotoza mawu pocheza koma osaphonya pa nsembe, ndipo sanawapeze ndi mlandu.

Mtsutso wolemera kwambiri ndi wakuti Chichewa chokhota ndi chipsera cha nkhanza, osati luso. Mu 1968 chipani cha Malawi Congress chinakhazikitsa Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi mpaka 1994, ndipo mu 1972 kunabadwa Chichewa Board yolondera kuyera kwa chilankhulocho. Mwana wa ku Karonga anakakamizidwa kuphunzira lilime la eni, kenako n'kusekedwa chifukwa cholilankhula mwachilendo. Zimenezi n'zoona, ndipo Kyangonde, Chilambya ndi Chindali zili ndi ufulu wokhala ndi mabuku awoawo. Koma tsono ndani anabwezera chipongwecho? Si makomiti ayi. Ndi kukhota komweku, kumene kunalandira mlendo wolamulidwa ndi boma, kumuveka nsalu ya kunyanja ndi kumutuma kukagulitsa usipa. Chichewa Board inatha, malo ake n'kulowa Centre for Language Studies mu 1996, pamene wantchito wathu sanaphonyepo tsiku.

Ndiponso Chichewa choyeracho chisamayende monyada kwambiri, chifukwa agogo ake anali okhota. Nsapato, kalata ndi kapitawo ndi Chipwitikizi chotafunidwa molakwika. Ndege ndi mbalame ya Aswahili imene tinaikweza mumlengalenga ndi injini. Sukulu yeniyeniyo, kumene amalangira kukhota, ndi Chingerezi chopotozedwa. Ku India nako, zilankhulo zonyozeka zija ndizo zinabala Chihindi, Chibengali ndi Chimarathi, zimene lero zikulankhulidwa ndi anthu mamiliyoni mazanamazana, pamene Chisansikiriti chimamveka makamaka m'kachisi ndi m'kalasi. Pangakhale ofuna kuti ngwazi yathuyi ipatsidwe chipinda m'nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, pafupi ndi mafupa a chilombo chamakedzana chotchedwa Malawisaurus. Maganizowo ndi aulemu, koma sangatheke. M'menemo amaikamo mafupa amene anasiya kuyenda, ndipo Chichewa chokhota chili ndi matumba a mpunga oti chikweze pa basi ya ku Mzuzu isananyamuke.