Mwana wa ng'ona akwera njinga yamoto

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mwambiwu tautafuna mpaka wasukuluka. Mtsikana akamakwatiwa kutali timaunena. Mnyamata akamakwera basi ya ku Joni timaunena. Ngakhale wothawa ngongole ya lendi, amene akusamuka pakati pa usiku kuchoka ku Mufakose kupita ku Dzivarasekwa, amaunena ali khale pamwamba pa matiresi. Poti tili pa Zimbabwe, ndifulumire kunena kuti ndikukamba za ng'ona ya m'madzi, ya mamba ndi mchira. Za ng'ona zinazo ine sindilowererako, ndili ndi ana aang'ono.

Lero ndati ndiukweze mwambiwu pa njinga yamoto, tione ngati ufike.

Ife a ku Mabvuku ndi Tafara tili ndi mwayi umene a ku Borrowdale alibe. Bwalo la mipikisano la Donnybrook lili pakhomo pathu penipeni, m'mbali mwa msewu wa Arcturus. Kumeneko kalabu ya Bogwheelers imachititsa motocross, mpikisano wa njinga zamoto wa m'fumbi ndi m'matope, umene munthu wamutu wake, wobadwa kwa mayi, amathamangira chitunda dala kuti auluke. Mu 2019 padasonkhana akatswiri a mayiko a mu Africa. Gawo lathu pa zonsezi ndi phokoso, ndipo timalandira ulere. Mpikisano usanayambe amathira madzi panjirapo kuti fumbi ligoneko, ndiye munthu wa ku Mabvuku, amene mpope wake udasanduka poyanika thaulo kalekale, amangoyang'ana madziwo n'kumeza malovu.

Funso limene limagawa mabanja a pa bwalopo ndi ili: mwana akagonjetsa anzake onse pa Donnybrook, kabati ya amayi ake n'kudzaza zikho mpaka mbale zadothi kusowa pokhala, atsale kapena aoloke nyanja?

Tanya Muzinda adayankha ndi mapazi. Mtsikanayu adabadwira mu Harare mu 2004 ndipo adakwera njinga yampikisano asanathe n'komwe kumanga bwino zingwe za nsapato. Mu 2017 adapita ku England, ku Mildenhall, n'kutenga malo achitatu pa mpikisano wa ana wotchedwa British Master Kids. Mu 2019 adasamukira ku America, kumene womuwongolera anali Stefy Bau, mayi wa ku Italy yemwe naye adali katswiri wa masewerowa. Mu 2021 BBC idamuika pa mndandanda wa akazi 100 a chakacho. Ndalama zina zimene adapeza adalipirira nazo fizi ana asukulu mu Harare, chinthu chimene amalume ambiri a matayi sadachitepo ngakhale kwa mwana wa mchemwali wawo.

Njira imeneyi si yatsopano. Ray Amm, wobadwira mu mzinda uno udakali Salisbury, adapambana mipikisano iwiri ikuluikulu pa chilumba cha Isle of Man mu 1953. Gary Hocking wa ku Bulawayo adakhala katswiri wa dziko lonse mu 1961, pa njinga za 350cc ndi za 500cc zomwe. Jim Redman, nayenso wochokera ku Bulawayo, adatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu n'kamodzi pakati pa 1962 ndi 1965 atakwera Honda. Pakati pa atatuwa palibe amene akadamveka akadakhala akuzungulira bwalo la kwawo Loweruka lililonse. Okonda mwambi uja apa amaomba m'manja.

Imani kaye. Amm adafera pa bwalo la Imola ku Italy mu 1955. Hocking adasiya njinga mu 1962 mnzake Tom Phillis atafa pa mpikisano, n'kusamukira ku magalimoto poganiza kuti kumeneko kuli bwinoko, koma chaka chomwecho adafera m'galimoto yampikisano kufupi ndi Durban. Mwa atatu amene adapita, adakalamba ndi mmodzi.

Vuto la miyambi n'lakuti imanena theka la nkhani, theka linalo n'kulisiyira okhoma misonkho. Amene adapeka mwambiwu sadatiuze chifukwa chake kang'onako kamasamuka. Sikachoka pofuna kuona dziko. Kamathawa ng'ona zikuluzikulu za m'dziwe momwemo, zimene zimadya ana a mtundu wawo zikamva njala. Sadatiuzenso kuti pa mazira makumimakumi amene ng'ona imakwirira mumchenga, ambiri amathera m'mimba mwa ng'azi, ndipo tiana timene taswa timatoledwa ndi mbalame ndi nsomba zikuluzikulu tisanafike pa dziwe lachiwiri. Choopsa kwambiri nachi: ng'ona za ku Zimbabwe zimene zimafikadi ku Ulaya mwaunyinji ndi zoweta za ku Kariba, ndipo zimafikako zitasendedwa kale, kukasokedwa zikwama za madona. Zimenezo nazo sizidakulire dziwe limodzi.

Chinanso, ng'ona imasamuka ndi madzi osefukira, osalipira kanthu. Mwana wa munthu amafunika pasipoti, viza, tikiti ya ndege yake ndi ya bambo ake amene ali makaniko, wophika ndi wopempherera nthawi imodzi. Njinga yatsopano ya KTM ya 85cc imapitirira madola 5,000 a ku America, musanagule chisoti, majombo, matayala ndi mafuta. Ndiye mwana sakula mokufunsani. Mwangomaliza kulipira ya 50cc, miyendo yatalika, akufuna ya 65cc. Mwapuma pang'ono, 85cc. Kenako 125cc. Malipiro a bambo akhala akusintha dzina, dola ya matiriliyoni ya 2009, ma bond note a 2016, ZiG ya 2024, koma wogulitsa zipangizo za njinga sadasinthepo chikhulupiriro. Iye amafuna pepala la nkhope ya mzungu wa ku America basi.

Komabe ine ndili kumbali ya opita, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Liwiro munthu amaphunzira kwa amene ali patsogolo pake. Pa bwalo la kwanu, pamene opikisana nawo ndi nkhope zomwezo mwezi ndi mwezi, ukafika poyamba palibenso wokuphunzitsa. Umadziwa dzenje lililonse, umadziwa kuti uje amaopa pokhota pachitatu, umadziwa ngakhale galu wa mlonda. Kunja ukaima pa geti yoyambira pali njinga mpaka 40, ndipo aliyense wa okwerawo ndi katswiri wa kwawo, amayi ake nawonso kabati idadzaza. Makampani opanga njinga amakasaka ana pa mipikisano ngati wa ku Loretta Lynn's ku Tennessee kapena ya achinyamata ya ku Ulaya. Ku msewu wa Arcturus satumako munthu. Masewerowanso sadikira: mafupa a mwana wa zaka 15 amalumikizana msanga, a bambo wa zaka 30 amayamba afunsa kaye ngati pali inshulansi. Greg Albertyn wa ku South Africa adapita ku Ulaya akadali kamnyamata, ndipo adakhala katswiri wa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana, 1992 mpaka 1994.

Ndiponso ife zidzukulu za Amalawi a mu Harare tilibe nkhope yoletsera munthu kuyenda. Agogo athu adachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Ankati akukhala zaka ziwiri zokha, agule njinga yakapalasa, bulangete ndi suti, abwerere. Pamene Amm ndi anzake ankaulutsa mbendera ku Ulaya, agogowo ankaphika m'makhitchini a ku Highlands ndi Greendale, n'kumagona ku Mabvuku, komboni imene idamangidwira antchito otere. Njinga adagula ndithu. Kubwerera ndi kumene kudavuta. Kwawo adawatcha machona, kuno chitupa chawo chidalembedwa kuti mlendo, mpaka malamulo a dziko a 2013 adavomereza kuti ana awo obadwira kuno ndi nzika. Lero gule wamkulu amavinidwa ku Tafara ndi ku Mbare ndi anyamata amene sadaonepo nyanja ya Malawi. Choncho azakhali akamati "mwanayu akachona," amanena zimene akuzidziwa, si nsanje ayi.

Koma tisadzinamize ngati funsoli ndi la m'nyumba mwathu. Mwana wa ku Mabvuku sadalowe n'komwe m'dziwe loyambalo. Amaliona ataima kunja kwa waya. Luso alibe? Pitani mukaone mmene anyamata amazembera maenje a m'misewu ya kuno pa njinga zoperekera katundu, kapena mmene woyendetsa mushikashika amalowetsera Honda Fit yodzaza anthu pampata umene mbuzi ingakane. Ku Lilongwe wa kabaza amadumpha ngalande atanyamula mayi, mwana kumsana, thumba la chimanga ndi nkhuku ziwiri, wopanda chisoti, wopanda womuombera m'manja. Akadapatsidwa KTM ndi mphunzitsi, a ku America akadaona zakuda. Chimene chimasiyanitsa ana awiriwa ndi thumba la bambo.

Ndiye chigamulo changa nachi. Wagonjetsa onse pa Donnybrook, wapitanso ku South Africa n'kuona kuti sakutsalira, apite, ndipo apite msanga mawondo akadali ake. Akapita adzakhala wa nambala 20 kwa kanthawi, adzalira m'chimbudzi, adzasowa sadza ndi matemba. Walira mvula walira matope, ndipo pa masewero awa matopewo ndi enieni. Makolo asagulitse nyumba, sukulu isaimitsidwe, pakuti bondo likathyoka satifiketi ndiyo imatsala. Njinga zing'onozing'ono zimene wazikula zija asazitsekere m'galaja kuti zichite dzimbiri. Azitsitsire kuno, kuli ana amene adaloweza kale kulira kwa injini iliyonse koma sadagwirepo handulo.

Ndipo inu amalume, mwanayo akangotera pa bwalo la ndege musayambe kumuthira mauthenga a pa WhatsApp a ndalama ya feteleza ndi ya maliro a apongozi a neba. Sadapite kukagwira ntchito. Wapita kukawononga ndalama mothamanga kwambiri, ndipo zaka zoyambazo wotumiza ndinu.