Mawu a Akuluakulu Akoma Akagonera

Makolo athu, amene anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, anatisiyira mwambi wabwino koma anatibisira chiwerengero, pakuti sananene ngati mawuwo agonere usiku umodzi monga mkute wa nsima, kapena zaka 50. Ndipo ine, poona zochitika m'tauni ya Kabwe masiku ano, ndakhulupirira kuti mawu a mphunzitsi sayamba kukoma kufikira wophunzirayo atalandira kalata ya penshoni.

Taonani anyamata ndi atsikana aja amene anayamba sukulu tauniyi ikutchedwabe Broken Hill, dzina lisanasinthe mu 1966, ana a anthu ogwira ntchito m'mgodi wa mtovu ndi ku njanji, ena mwa iwo makolo awo atachokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Masiku amenewo mawu a aphunzitsi sankayenda okha, anali ndi mnzawo wa paulendo, ndiye chikoti, ndipo panalibe mwana wa ku Bwacha kapena ku Kasanda amene anaweruka kusukulu akunyambita milomo. Mu 1972, chaka chimene Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa zigoli 107, anyamata ambiri anadziwa chiwerengerocho koposa masamu a pa bolodi, nauzidwa kuti mpira sudzawadyetsa; iwo anang'ung'udza, naweruza mumtima kuti nkhalamba ya choko ilibe chimene idziwa. Mgodi unatsekedwa mu 1994, njanji inachepetsa antchito, anawo anabalalika, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma mawu aja anangogonabe.

Tsopano adzuka, ndipo adzukira mu foni. Pa gulu la WhatsApp la anzawo a Fomu 5, anthu a imvi amene kale ankalembedwa maina chifukwa cha phokoso akuchitabe phokoso kuyambira tambala woyamba, ndipo nkhani zake n'zakuti uje, katswiri wa liwiro uja, ayenda ndi ndodo. Uje adokotala amuletsa shuga ndi mchere womwe. Uje, amene analephera masamu kawiri, ndiye ali ndi malole atatu ndipo amusankha kukhala msungichuma. Mwana wa uje ali ku London, kumene kulinso chigaza cha munthu wakale chija chimene anachifukula m'mgodi mu 1921, ndipo onse awiri dziko likuwayembekezera kuti adzabwerera kwawo tsiku lina.

Pofika mwezi wa Okutobala, umene pa 5 dziko lonse lapansi likumbukira aphunzitsi, mitima ifewa, zopereka zisonkhanitsidwa, ndipo gulu likomana patsinde pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, nilowera kunyumba ya aphunzitsi awo litasenza bulangete, suti ndi thumba la ufa. Pakhomo onse agwada monga anaphunzitsidwira, pakuti ulemu sukalamba; chimene chikalamba ndi maondo, kotero kuti wogwada mmodzi afunika anzake awiri omudzutsa. Kenaka mneneri wa gulu ayamika chikoti chija, nati, "Aphunzitsi, mukadapanda kutikwapula, bwenzi lero tili kuti?" ndipo wonena zimenezi ndi yemwe uja amene dzulo lomweli anaopseza mphunzitsi wa mdzukulu wake kuti akamusumira chifukwa chomukalipira mwanayo.

Koma chowawa chisungidwira ana omvera, amene anakhala pa desiki ya kutsogolo nalemba mwaukhondo zaka zonse, pakuti iwo akayandikira nafunsa, "Aphunzitsi, mwandikumbukira?" nkhalamba iwayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa mandala, niti, "Ndiwe mwana wa yani kodi, mwananga?" Pamene wakuba mango uja, amene anathawa kalasi podzera pa zenera, asanatsegule n'komwe pakamwa, aphunzitsi amutchula dzina, la bambo ake, ndi mtengo womwe anagwamo. Indetu, pali chimwemwe chachikulu chifukwa cha nkhosa imodzi yosokera, ndipo ine sindiwadzudzula aphunzitsiwo, pakuti munthu akumbukira amene anamutulutsa thukuta.

Potsiriza aphunzitsi apemphedwa kupereka mawu, ndipo iwo, atathokoza bulangete, anena kuti kusukulu kuja ana achuluka chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ena akukhala pansi, ndipo kukadakhala bwino ana awo okondedwa akadagulako madesiki. Aliyense awomba m'manja, ena ayamba kufunafuna kanthu m'mafoni mwawo, ndipo wapampando alamula kuti mawu okoma otere ayambe agonera kufikira msonkhano wa chaka chamawa. Msungichuma, atatsegula kabuku kake, alengeza kuti zotsala m'thumba n'zongokwanira nkhata imodzi ya maluwa, ndipo palibe amene afunsa kuti idzakhala ya yani.