Ulemu Wobisika M'chiuno

Chiyambire pa 22 July 2004, tsiku limene Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa LEOSA, lololeza apolisi a ku America, ogwira ntchito ndi opuma omwe, kuyenda ndi mfuti yobisa m'zigawo zonse 50 za dzikolo popanda kugwadira eni dera, m'matauni a ku Florida, kumene nkhalamba zothawa chisanu cha ku New York zimakatsirizira masiku awo, mwabuka mtundu wa akuluakulu umene mlendo aliyense ayenera kuudziwa, kuopa kulakwira anthu olemekezeka.

Mudzawazindikira ndi jekete. M'mwezi wa July, dzuwa likuswa mtengo, pamene tauni yonse yavala makabudula, iwo amayenda mwachifatse m'jekete lochindikala, thukuta lili kamukamu; pakuti lamulo likunena za mfuti yobisika, koma mtima wa munthu amene anatumikira zaka 10 kapena kuposa (zinali 15 kufikira mu 2010, pamene aphungu anawachitira chifundo) sungalole kuti ulemu wake ubisike pamodzi ndi chitsulocho. Motero amaibisa mwaluso lotero kuti pasakhale ndi mmodzi yemwe wosadziwa. Dzanja silichoka palamba. Akalowa m'nyumba yodyera amakana mpando uliwonse kufikira atapeza wapangodya, nauza mtsikana woperekera zakudya monong'ona, komatu kunong'ona kofika mpaka kukhitchini, kuti, "Mwanawe, ine sindifulatira khomo, ndipo usandifunse chifukwa." Mtsikanayo, amene chifukwacho anachimva kale mpaka kuchiloweza, amangoti, "Zikomo bambo, khofi wanu yemwe uja?"

Koma walira mvula walira matope. Lamulo lomwelo limamana ufuluwu munthu amene mowa wamulowa m'mutu, kotero kuti paukwati wa mdzukulu wawo, anzawo akutsegula mabotolo, mkuluyo amakhala atafumbata kapu ya madzi a malalanje, akuyang'ana tebulo la zakumwa monga Mose anayang'anira Kanani ali paphiri la Nebo. Mayi a kunyumba akawanong'oneza kuti, "Bambo, mukanangochisiya m'kabati chinthu chanucho, bwenzi mukusangalala ndi anzanu," iwo amapukusa mutu mwachisoni nati, "Mayi, tsoka silinunkha," ngakhale kuti woopsa koposa onse paukwatipo ndi mlamu wawo wovina moponda anthu zala.

Ku positi ofesi chitsulocho sichilowa, ndipo mwini sitolo ali ndi mphamvu yochikana pakhomo pake. Chaka ndi chaka mkuluyo ayeneranso kukayesedwa kuwombera, ndi ndalama za m'thumba mwawo, maso ali kuchita chidima, kuti chitupa chokhala ndi chithunzi chawo chisasanduke pepala wamba. Ndipo za mayesowo tauni imamva kwa mwezi wathunthu, kupatula chaka chimene abwereza.

Zonsezi akanazipirira mokondwera, pakanapanda chipongwe cha pa 1 July 2023, pamene Florida inayamba kulola munthu wamba woyenerera kubisa mfuti popanda chilolezo. Tsono wometa tsitsi ali nayo, wokonza magalimoto ali nayo, ndipo mkuluyo akakonza jekete mwaulemu pamzere wa m'sitolo, mayi wogula mkaka kumbuyo kwawo amangosisita kachikwama kake, nawamwetulira monga mnzawo wa mpingo umodzi. Chawatsalira n'chimodzi: wometa tsitsi uja sangapite nayo yake ku New York kapena ku New Jersey, kumene malamulo ndi ouma, koma iwo angathe. Ndiye chifukwa chake masiku ano akumbukira mwadzidzidzi abale awo a kumpoto, amene sanawalembere kalata zaka zambiri, ndipo amayendetsa galimoto masiku awiri kukawaona, atavala jekete.