Mlomo wa Azakhali Unafika ku Chipata Iwo Asanatule Ndowa

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Nthawi imeneyo mlomo unkayenda wapansi, ndipo munthu waliwiro ankatha kuusiya tsidya la Lupande uli wefuwefu. Lero mlomo uli pa WhatsApp.

Funsani azakhali anga a kwa Jumbe. Mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa cha Luangwa litafika poti ngakhale mbuzi zasowa mawu, anakangana ndi anzawo pamjigo. Nkhani yake chigubu chodumpha mzere. Azakhali ananyambita chala n'kuloza kumwamba: "Pali malemu amayi, ine madzi a pano sindidzatunganso!" Kamnyamata kena kanali katajambula kale. Asanatule ndowa pakhomo, mwana wawo wa ku Chipata anaimba foni: "Amama, nanga muzimwa chiyani?"

Kulimbirana madzi sikunayambe lero. Pa Genesis 26, abusa a ku Gerari analanda Isake chitsime. Iye anachitcha Eseke, kutanthauza mkangano, n'kukakumba china. Icho nachonso analanda, anachitcha Sitina, udani. Chachitatu, Rehoboti, anamusiyira. Kuno ku Mambwe munthu wotere tikanamuseka mantha, n'kumukokera kwa amfumu kuti akadandaule. Koma ine chimandigwira mtima ndi dongosolo lake. Mfumu Abimeleki itabwera kudzapempha mtendere, Isake anakonza kaye phwando. Anadya, anamwa, anagona, kulumbirirana kunachitika m'mamawa, mimba ili phee, mutu utazizira. Herode, pa Marko 6, analumbira phwando lili mkati, maso ali pa gule, ndipo mpaka lero timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Azakhali analumbira dzuwa lili paliwombo, asanalawe kanthu. Amenewo ndi a mpingo wa Herode.

Komanso kale lumbiro linali ndi mtengo. Abrahamu ku Beereseba anapereka ana a nkhosa aakazi 7 kuti akhale umboni woti chitsime anakumba ndi iye. Ife chilengezereni a Frederick Chiluba mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, dzina la Mulungu timaliika chikole ngakhale pa ngongole ya K20. Lumbiro lililonse likanati lizidya nkhosa 7, pamjigo pakanamamveka kulira kwa mpope basi.

Masiku atatu azakhali anafukula madzi mumchenga wa kumtsinje, mutu uli m'mwamba. Lachinayi anapeza mapazi a njovu pa kachitsime kawo, ndowe zikufuka nthunzi. Madzulo ake nkhuku yoyera inafa, mbale inapita kwa adani aja, ndipo m'mawa awiriwo anatulukira limodzi pamjigo.

Kamnyamata kaja sikanachedwe, kanatsegula foni, mawu a azakhali ali pwepwete.

"Zimitsa iwe," anatero azakhali, manja ali m'chiuno, anzawo aja ali kalikiliki kupopa. "Ndinati sindidzatunga. Ukundiona ndagwira mpini ine?"